Filimu ya Aftersun: kodi kusalongosola za bambo ndi mphamvu yake kapena chofooka chake?

Tiyamike

Abale ndi alongo, ndaonera filimu ya Aftersun kawiri sabata ino ndipo mtima wanga sunakhazikikebe, n'chifukwa chake ndikupempha maganizo a ena amene anaionerapo. Amene simunaionere dziwiranitu kuti tikambirana mpaka mathero ake.

Filimuyi inatuluka mu 2022, ndipo amene anailemba ndi kuitsogolera ndi Charlotte Wells wa ku Scotland, amene anali asanapangepo filimu yaitali. Nkhani yake siivuta kuifotokoza. Sophie, mtsikana wa zaka 11, wapita kutchuthi ku Turkey ndi bambo ake, Calum, amene atsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 31. Makolo a mwanayu anasiyana, ndipo iye amakhala ndi mayi ake ku Edinburgh pamene bambowo amakhala ku London. Ndi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, hotela imene afikira ndi yotsika mtengo, ndipo m'chipinda apezamo bedi limodzi lalikulu ngakhale analipira mabedi awiri. Masiku awo amatha ndi kusambira, kudya, kudzolana mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi kujambulana pa kamera yaing'ono ya tepi. Patapita zaka pafupifupi 20, Sophie, amene tsopano wafika pa msinkhu umene bambo ake anali nawo, akuonera matepi aja ndi kuyesa kumvetsa munthu amene anali naye patchuthipo.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti palibe pamene filimuyi ikutiuza ndi mawu kuti Calum akudwala matenda a maganizo, ndiponso palibe pamene ikunena chimene chinamuchitikira tchuthi chitatha. Timangomva mumtima kuti awiriwa sanaonanenso. Ulendo woyamba ndinaona kuti kusanenako ndi luso lalikulu, koma ulendo wachiwiri ndinayamba kudzifunsa ngati Wells sanathawe mbali yovuta ya nkhani yake. Nanga anzanga munaiona bwanji?

Bambo Mwale

Zikomo a Tiyamike poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinaionera chaka chatha chifukwa ndinamva kuti Paul Mescal, amene akusewera ngati Calum, anali m'gulu la opikisana pa mphoto ya Oscar mu 2023, ndipo ndinene mosabisa kuti sindinakhutire nayo. Filimuyi ndi ya mphindi zopitirira pang'ono 100, koma ola loyamba lonse ndinkangodikira kuti nkhani iyambe. Bambo ndi mwana akwera basi, agona, adzuka, asambira, agonanso. Ndikudziwa kuti si filimu iliyonse imene iyenera kukhala ndi mfuti kapena kuthamangitsana, koma nkhani iyenera kukhala ndi vuto looneka limene anthu ake akulimbana nalo, kuti woonera adziwe chimene akudikira.

Chachiwiri ndi chimene mwatchula kale. Ngati munthu akuvutika mpaka kufika pamene filimuyi ikutisiya tikuganiza kuti anafika, ndimafuna kudziwa gwero lake. Kodi ndi kutha kwa banja? Kodi ndi umphawi? Kodi ndi mmene anakulira? Wolemba amene watenga nkhani yolemera chonchi ali ndi udindo woisenza mpaka kumapeto, osati kuitula pakati pa njira ndi kuuza oonera kuti aimalize okha.

Chisomo

Bambo Mwale, ndikumvetsa chifukwa chimene mukunenera kuti ola loyamba ndi lochedwa, koma sindikugwirizana nanu kuti mulibe vuto looneka. Vutolo lilipo kuyambira pachiyambi, kungoti laikidwa m'mphepete mwa chithunzi, kumene mwana wa zaka 11 sakanayang'ana kwambiri.

Calum wafika ku Turkey dzanja lili m'chikhakha, ndipo sakulongosola bwino mmene anavulalira. Wanyamula mabuku ophunzitsa kusinkhasinkha ndi masewera a ku China oyendetsa thupi pang'onopang'ono otchedwa tai chi, ndipo usiku woyamba, mwana atagona, tikumuona pakhonde akusuta fodya ndi kumagwedezeka yekha, ife tikungomva kupuma kwa mwanayo. Tsiku lina waima pamwamba pa chitsulo chotchinga khonde manja atatambasula. Ali pabwato akuuza mphunzitsi wa zosambira pansi pa madzi kuti iye sadziona akufika zaka 40 ndipo akudabwa kuti anafika zaka 30. Zonsezi si zongodzaza nthawi.

Gawo limene ine silindichoka m'maganizo ndi lija Sophie wagona pabedi n'kumafotokoza mmene amamvera nthawi zina akasangalala tsiku lonse: kuti akafika kunyumba thupi lonse limafooka, ziwalo zimakhala ngati sizikugwira ntchito, ndipo amamva ngati akumira. Mwanayo akungocheza, sakudziwa kulemera kwa mawu ake. Bambo ake ali m'bafa akutsuka mano, akumva mwana wawo akufotokoza ndendende chinthu chimene iwo akhala nacho zaka zambiri, ndipo akuyankha ndi mawu osangalala kuti apite akasangalale, kenako akulavulira nkhope yawo pagalasi. M'mphindi imodzi yokhayo muli mantha a kholo loopa kuti lapatsira mwana matenda ake, muli kudzida, ndiponso muli khama lobisa zonsezi. Wells akanaika dokotala woti atchule dzina la matendawo, sakanawonjezera chilichonse pa zimene galasi lija latiuza.

Bambo Mwale

A Chisomo, za galasizo ndikuzikumbukira ndipo ndikuvomereza kuti ndi gawo lamphamvu. Koma zimene mwatchulazo ndi zizindikiro za matenda, pamene ine ndikufunsa za gwero lake. Chokhacho chimene ndinatolapo ndi nkhani ya ndalama, chifukwa zikuoneka kuti Calum alibe ntchito yodalirika, komabe akubwerera yekha kusitolo kukagula kapeti ya mapaundi 850. Pamenepo ndinaona munthu amene sakuganiziranso za mawa. Kupatula apo, sindinapatsidwe chokwanira choti ndimudziwe munthuyu.

Nabanda

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma funso la Bambo Mwale landikhudza, ndiye ndiloleni ndiyankhe monga mwana amene bambo ake anamusiya ali wamng'ono.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 12. Kwa zaka ziwiri asanamwalire anasintha: ankakhala pakhonde mpaka usiku osalankhula, anasiya kupita kumene ankakonda kucheza, koma akationa ife ana ankamwetulira ndi kutifunsa za kusukulu monga mwa masiku onse. Palibe wamkulu amene anatiuza chilichonse, ndipo kwathu mawu akuti mwamuna salira ankanenedwa ngati lamulo. Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili pomwalira, ndafunsa mayi, ndafunsa azakhali, ndipo aliyense ali ndi yankho lake losiyana ndi la mnzake. Gwero limene Bambo Mwale mukulifuna, ine ndalifunafuna zaka zoposa 20 pa bambo anga enieni ndipo sindinalipeze.

Choncho ndikaona Sophie akubwereza tepi, kuimitsa chithunzi, kuyang'anitsitsa nkhope ya bambo ake ngati kuti yankho labisala pamenepo, ndikudziwa kuti Wells sanathawe kanthu. Filimuyi si mbiri ya Calum, koma ndi zimene mwana wake anatsala nazo, ndipo mwana amatsala ndi zidutswa zokha. Ngakhale magawo amene Sophie sanalipo, monga pamene bambo ake akulowa m'nyanja usiku kapena akulira pabedi atatifulatira, ine ndimawaona ngati zimene iye wamkulu akuganiza kuti zinkachitika iye atagona kapena ali kosewera. Tonse amene tinataya kholo timachita zimenezo. Timadzaza mipata ndi zimene tinazindikira mochedwa.

Ndipo gwero lina lilipo pang'ono, Bambo Mwale. Sophie atafunsa za tsiku limene bambo ake anakwanitsa zaka 11, iwo anamuuza kuti athimitse kamera, kenako anafotokoza kuti kunyumba kwawo palibe amene anakumbukira tsikulo, ndipo atawakumbutsa mayi awo, mayiwo anawakoka khutu ndi kuuza bambo awo kuti apite nawo kusitolo akagule chidole. Anasankha foni yofiira yoseweretsa. Ndi nkhani yaing'ono, koma ndi mmene makolo amaululira mabala awo kwa ana: kamodzi, mwachidule, ndipo osabwerezanso.

Mphatso

Pepani kwambiri achemwali a Nabanda, ndipo zikomo potiuza zimenezi. Gawo limene mwatchulalo ndi limene ine ndimalitenga ngati chitsanzo cha luso la kajambulidwe ka filimuyi. Kamera siikuyang'ana Calum mwachindunji pamene akufotokoza za foni ija. Timamuona pagalasi la wailesi ya kanema yothimitsa ndiponso m'kachigawo ka kalilole, pafupi ndi mulu wa mabuku ake. Gregory Oke, amene anajambula filimuyi, amachita zimenezi kawirikawiri: Calum amaoneka kumbuyo kwa chitseko chagalasi, pamwamba pa tebulo lonyezimira, kuseri kwa khoma, kapena atatifulatira. Munthuyo ali pafupi koma sitimuona wathunthu. Pa chakudya chawo chamadzulo chomaliza, munthu wina akuwajambula chithunzi cha Polaroid, chimene chimatuluka papepala nthawi yomweyo, ndipo kamera ikukhala pachithunzicho pamene nkhope zawo zikutuluka pang'onopang'ono, iwo akucheza cha pambali.

Frankie Corio, amene akusewera ngati Sophie, anali asanaonekepo m'filimu ina iliyonse, koma ndiye msana wa filimu yonseyi. Sakuchita zinthu ngati mwana wa m'mafilimu wodziwa kulankhula kuposa msinkhu wake. Amayang'ana achinyamata okulirapo akupsompsonana m'dziwe, amasirira chibangili chimene chimawalola kumwa chilichonse osalipira, amachita manyazi bambo ake akamavina, ndipo nthawi yomweyo amawayang'anira ngati kuti iye ndiye kholo.

Komabe ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba ndi magawo a malo ovinira a mdima, kumene nyali zikuthima ndi kuyaka ndipo Sophie wamkulu akuyesa kufikira bambo ake pakati pa khamu la anthu. Amabwera kangapo, ndipo pofika ulendo wachitatu ndinali nditamva kale tanthauzo lake. Filimu imene yadalira woonera kuti azindikire yekha zinthu zing'onozing'ono, pamenepa ikuoneka ngati yasiya kumukhulupirira. Lachiwiri ndi nyimbo ya Under Pressure ya Queen ndi David Bowie pa kuvina komaliza. Anthu ambiri amalira pamenepo, inenso ndinalira, koma mawu a nyimboyo akunena poyera zimene filimu yakhala ikukana kunena kwa mphindi 90. Ndimadzifunsa ngati misozi yanga inachokera m'nkhaniyo kapena m'nyimbo imene ndinkaikonda kale.

Tiyamike

A Mphatso mwandithandiza kupeza pamene kukayika kwanga kunachokera. Nditamva mawu a achemwali a Nabanda, ndikuona kuti sindinkavutika ndi kusadziwa mathero a Calum ayi. Chimene chikusoweka kwa ine ndi Sophie wamkulu. Celia Rowlson-Hall akuoneka mphindi zochepa chabe ndipo pafupifupi salankhula. Timadziwa kuti ndi tsiku lake lobadwa, kuti ali ndi mwana wakhanda, ndiponso kuti kapeti ija ya mapaundi 850 ili pansi m'chipinda chake. Kuponda kwake pakapetiyo kunandipweteka mtima, chifukwa kunatiuza kuti zinthu za bambo ake zinafika kwa iye popanda mwini wake. Koma ngati filimu yonse ndi chikumbumtima cha mayiyu, ndinkafuna kumudziwa pang'ono. Kodi wakwiya? Kodi akudziimba mlandu? Kodi chimene anafotokoza ali mwana chija, cha ziwalo zosagwira ntchito, chinamutsatira? M'malo ovinira muja akuoneka akukalipira bambo ake kenako n'kuwakumbatira, koma zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi mtolo umene wasenza.

Chinanso chimene sichinandisangalatse n'chakuti anthu a ku Turkey akungooneka ngati operekera zakudya, ogulitsa makapeti ndi oyendetsa mabwato. Dziko lonse lasanduka malo oti alendo ochokera ku Britain adzamvereko chisoni chawo.

Chisomo

Pa za anthu a ku Turkey, a Tiyamike, mfundo yanu ndi yoona, ngakhale ndinganene kuti mwana amene wakhala masiku ochepa pahotela yodzaza ndi alendo a kwawo sakanakumbukira zambiri kuposa zimenezo. Mphunzitsi wa zosambira uja ndi yekhayo amene wapatsidwa moyo wakewake, popeza akufotokoza za maulendo ake ndi kuti akuyembekezera mwana, ndipo n'zochititsa chidwi kuti Calum akuulula za mumtima mwake kwa mlendo ameneyu, osati kwa munthu wa kwawo.

Pa za nyimbo ndikusiyana ndi a Mphatso. Nyimbo imene inalira pa kuvina komaliza ndi kholo lako sukhala utaisankha, ndipo zaka zikapita mawu ake amamveka ngati analembera iweyo. Oliver Coates, amene anakonza nyimbo za filimuyi, sanaisiye mmene ilili: pena zoimbira zikuchoka n'kutsala mawu okha pamwamba pa kulira kwa zingwe, kusonyeza kuti tikuimva mmene Sophie akuikumbukirira lero. Blair McClendon, amene analumikiza zithunzi, akusinthanitsa mwana akukumbatira bambo ake pabwalo la hotela ndi wamkulu akulephera kuwagwira mumdima. Popanda magawo a mdima oyambirira aja, amene a Mphatso akuti achuluka, kusinthanitsa kumeneku sikukanamveka.

Ndiwonjezere za msinkhu wa Mescal, chifukwa ndinamva ena akudandaula kuti ndi wamng'ono kwambiri kukhala bambo wa mwana wa zaka 11. Iye anabadwa mu 1996, choncho anali wocheperapo zaka zingapo kuposa Calum, koma filimuyo ikuligwiritsa ntchito bwino vutoli: anyamata ena pahotela akuganiza kuti awiriwa ndi munthu ndi mlongo wake. Calum anabereka ali ndi zaka pafupifupi 19, ndipo anzake a msinkhu wake ankasangalala ndi unyamata iye akulera. Chimenechonso ndi gawo la yankho ku funso la Bambo Mwale.

Bambo Mwale

Usiku wathawu ndinaioneranso chifukwa cha zimene mwalemba, makamaka mawu a Nabanda, ndipo ndikupepesa ngati funso langa linakhudza bala. Ndikuvomereza kuti ulendo woyamba ndinkadikira nkhani ya mtundu wina, n'chifukwa chake zambiri zinandidutsa.

Ulendo uno ndinayang'anitsitsa usiku wa karaoke, ndipo monga bambo wa ana aakazi atatu unandipweteka kwambiri. Sophie walembetsa mayina awo onse awiri kuti aimbe Losing My Religion ya R.E.M., monga ankachitira pa matchuthi am'mbuyo, koma Calum akukana kudzuka. Mwanayo akuimba yekha pamaso pa anthu, mawu akunjenjemera, maso ali kwa bambo ake mpaka nyimbo itatha. Atabwerera pampando, bambowo akumuuza kuti angamulipirire maphunziro a kuimba, ndipo mwanayo akuyankha kuti asiye kulonjeza zinthu pamene akudziwa kuti ndalama alibe. Mawu amenewo ochokera kwa mwana wako amalasa kuposa a munthu wina aliyense. Kenako Calum akuchoka, akumusiya mtsikana wa zaka 11 panja usiku m'dziko lachilendo. Mwanayo akupeza chitseko chokiya, akugona pamalo olandirira alendo mpaka wogwira ntchito atamutsegulira, ndipo atalowa akupeza bambo ake ali chigonere osavala, iye n'kuwafunditsa nsalu.

Apa ndi pamene ndikuona mphamvu imene sindinaione poyamba. Filimuyi siikumuyeretsa Calum. Ndi bambo amene amaphunzitsa mwana wake kudzimasula munthu akamugwira dzanja, amene amamuuza kuti akadzakula azidzamuuza chilichonse, za anyamata ngakhale za mankhwala ozunguza bongo, koma ndi bambo yemweyo amene anamusiya pangozi usiku uja. Tsiku lotsatira, ali kumalo osambira matope, akupepesa mobwerezabwereza, ndipo mwanayo akungoti palibe kanthu n'kumawapaka matope kumsana. Ana amakhululuka msanga chonchi, ndipo kholo limadziwa kuti silinayenere chikhululukiro chimenecho.

Komabe sindisintha pa mfundo imodzi. Filimu imene imafuna kuti uionere kawiri ndiponso ukambirane ndi anthu kuti uimvetse, idzataya oonera ambiri amene ikanawathandiza. Ndikuganiza za abambo a msinkhu wanga amene akanadziona mwa Calum, koma akanazimitsa pakatha mphindi 30. Wells anapambana mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA ya wopanga filimu yake yoyamba, ndipo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes m'dziko la France, kumene filimuyi inaonetsedwa koyamba mu May 2022, anthu anaiyamikira kwambiri, koma amenewo ndi anthu ozolowera mafilimu oyenda pang'onopang'ono.

Mphatso

Bambo Mwale, zimenezo n'zoona, ndipo sindikuganiza kuti pali njira yokonzera vutolo popanda kuwononga filimuyo. Kuchedwa komweko ndi kumene kumapangitsa kuti tizolowerane ndi awiriwa ngati kuti tili nawo patchuthi. Pa za nyimbo, a Chisomo, ndamva mfundo yanu ndipo ndiionanso ndi khutu limenelo, koma za Sophie wamkulu ndidakali kumbali ya a Tiyamike. Mphindi zisanu zokha zowonjezera za moyo wake wa lero zikanathandiza.

Nabanda

Bambo Mwale, palibe choti mupepese, funso lanu ndi lomwe inenso ndimafunsa. A Tiyamike ndi a Mphatso, ndikumvetsa chimene mukufuna kwa Sophie wamkulu, ndipo mwina mukulondola kuti akuchepa. Ine sindinamve kusowa kumeneko chifukwa pampando pamene iye wakhala, kamera ili m'manja, ndinadziikapo ndekha.

Palibe amene watchula tsiku limene Calum akukwanitsa zaka 31 patchuthipo. Sophie akunong'oneza alendo anzawo pamalo a mabwinja akale kuti awaimbire bambo ake, ndipo bambowo aima pamwamba, dzanja likutchinga dzuwa, akuyang'ana pansi osamwetulira. Mwanayo anamva nkhani ya foni yofiira ija ndipo akufuna kukonza zimene agogo ake analakwitsa zaka 20 zapitazo. Anachita zonse zimene mwana angathe, ndipo chithunzi chotsatira ndi bambo ake akulira okha m'chipinda. Ine ndinkawaphikira bambo anga tiyi madzulo alionse m'chaka chawo chomaliza, ndipo ndinkakhulupirira kuti akamwa akhala bwino.

Pabwalo la ndege Sophie akutsazika, akubisala kuseri kwa khoma n'kutulukiranso akuseka, ndipo tepi ikuthera pamenepo. Zotsatirazo palibe amene anazijambula: Calum akutseka kamera, akutembenuka, akuyenda yekha m'kanjira koyera, ndipo akutsegula zitseko zolowera mumdima muja. Sophie sanaone zimenezo chifukwa anali atakwera kale ndege. Inenso m'mawa womaliza ndinatsazika pachipata nditavala yunifolomu, ndinapita kusukulu, ndipo zimene bambo anachita nditakhota pakona ndakhala ndikuziganizira ndekha kuyambira tsiku limenelo.